Hugh Masekela

Hugh Ramapolo Masekela (4 Epulo 1939 – 23 Januwale 2018) anali katswiri woliza lipenga, woimba komanso wopeka nyimbo wa ku South Africa. Anthu ambiri ankangomutchula kuti Bra Hugh. Anagwira ntchito yoimba kwa zaka zoposa 60 ndipo anatulutsa zimbale zoposa 40. Nyimbo zake zodziwika kwambiri ndi "Grazing in the Grass", "Stimela", "Soweto Blues" ndi "Bring Him Back Home". Anakhala kunja kwa dziko lake zaka 30 chifukwa cha ulamuliro watsankho wa apartheid.

Masekela amakumbukiridwanso chifukwa cha maganizo ake pa ntchito yoimba. Iye ankakhulupirira kuti nyimbo ndi chuma cha anthu amene zinachokera kwa iwo, kotero woimba ayenera kuimba zakwawo m'malo motengera za ena. Ankaonanso kuti woimba amene alibe mphamvu pa kajambulidwe ndi kagulitsidwe ka nyimbo zake amangolemeretsa anthu ena. Pachifukwa ichi anayesa kangapo kukhala ndi kampani kapena situdiyo yakeyake, ku America, ku Botswana ndi ku South Africa.

Ubwana wake

Masekela anabadwira ku Witbank, tauni ya migodi ya malasha yomwe masiku ano imatchedwa eMalahleni. Bambo ake, Thomas, anali woyang'anira zaumoyo komanso wosema ziboliboli, pamene mayi ake, Pauline, ankagwira ntchito yothandiza anthu ovutika. Ali wamng'ono analeredwa ndi agogo ake aakazi omwe ankagulitsa mowa pa shabini. Amuna ogwira ntchito m'migodi, ochokera m'madera ndi m'mayiko osiyanasiyana, ankabwera kudzamwa pamalopo n'kumaimba nyimbo zakwawo. Kumeneko n'kumene mwanayu anayambira kumva zilankhulo ndi nyimbo zambiri zomwe pambuyo pake zinalowa m'nyimbo zake.

Anayamba ndi kuphunzira piyano. Ali ndi zaka 14 anaonera filimu ya Young Man with a Horn, momwe Kirk Douglas ankasewera ngati woliza lipenga, ndipo mtima wake unapita pa chida chimenechi. Wansembe wa mpingo wa Anglican, Trevor Huddleston, yemwe ankatumikira pa sukulu ya St Peter's ku Johannesburg, ndi amene anamupezera lipenga loyamba. Anyamata ena pasukulupo atakopeka, panabadwa gulu la Huddleston Jazz Band, momwe munalinso Jonas Gwangwa. Mu 1956 Louis Armstrong atamva za gululi kuchokera kwa Huddleston, anatumiza lipenga lake limodzi, ndipo linaperekedwa kwa Masekela.

Mu 1959 analiza lipenga mu sewero lanyimbo la King Kong, lomwe nyimbo zake anapeka ndi Todd Matshikiza ndipo Miriam Makeba anali mmodzi wa osewera akuluakulu. Chaka chomwecho analowa m'gulu la Jazz Epistles limodzi ndi Dollar Brand, yemwe pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa, Johnny Gertze ndi Makhaya Ntshoko. Chimbale chawo, Jazz Epistle Verse 1, chinatuluka mu 1960 ndipo chimatengedwa kuti n'choyamba chachitali chojambulidwa ndi gulu la jazi la anthu akuda ku South Africa. Makope ake anali ochepa chabe.

Makampani a nyimbo m'nthawi ya tsankho

Kuti maganizo a Masekela amveke bwino, m'pofunika kudziwa momwe oimba akuda ankagwirira ntchito nthawi imeneyo. Masitudiyo ndi makampani a zimbale anali m'manja mwa azungu. Woimba wakuda nthawi zambiri ankalipidwa kamodzi kokha patsiku lojambula, ndipo chimbale chikayenda malonda iye sankalandiranso kanthu. Chitsanzo chodziwika ndi cha Solomon Linda, yemwe anajambula nyimbo ya "Mbube" ku kampani ya Gallo mu 1939. Nyimboyi inasinthidwa ku America n'kukhala "The Lion Sleeps Tonight" ndipo inapindulitsa anthu ambiri, koma Linda anamwalira ali mphawi mu 1962. Ana ake anayamba kulandira gawo lawo pambuyo pa mgwirizano wa mu 2006. Masekela anakulira pakati pa oimba amene ankatchuka m'dziko lonse koma m'thumba mulibe kanthu.

Ulendo wa ku America

Pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville. Boma linakhwimitsa malamulo a misonkhano, zomwe zinachititsa kuti magulu oimba azivutika kupeza malo oimbira. Masekela anachoka m'dzikomo chaka chomwecho mothandizidwa ndi Huddleston ndi oimba a ku Britain, Yehudi Menuhin ndi John Dankworth. Atakhala pang'ono ku London anapitirira ku New York, komwe Miriam Makeba ndi Harry Belafonte anamuthandiza kulowa sukulu ya Manhattan School of Music. Iye ndi Makeba anakwatirana mu 1964 ndipo banja lawo linatha mu 1966, koma anapitiriza kugwirira ntchito limodzi kwa zaka zambiri.

Pofika ku New York, cholinga cha Masekela chinali choti akhale katswiri wa bebop ngati Clifford Brown ndi akatswiri ena omwe ankawamvera pa galamafoni kwawo. Koma malinga ndi zimene iye mwini ankafotokoza, akuluakulu a jazi monga Miles Davis ndi Dizzy Gillespie anamulangiza zosiyana. Anamuuza kuti oliza bebop ku New York analipo kale ambirimbiri, pamene nyimbo za m'makomboni a ku South Africa panalibe wina amene akanaziimba ngati iye. Malangizo amenewa ndi amene anakhala maziko a ntchito yake yonse. Anayamba kuphatikiza jazi ndi marabi, kwela ndi mbaqanga, komanso kuimba ndi mawu m'Chizulu, m'Chixhosa ndi m'Chisotho.

Chimbale chake choyamba, Trumpet Africaine, chinatulutsidwa ndi kampani ya Mercury. Nyimbo zake zinakonzedwa ndi Hugo Montenegro pogwiritsa ntchito gulu lalikulu la zida, ndipo Masekela sanakhutire nacho chifukwa sichinkamveka monga nyimbo zakwawo. Mu Novembala 1965 anajambula pamaso pa anthu ku Village Gate ndi gulu laling'ono la anthu anayi. Nyimbozo zinatuluka pa chimbale cha The Americanization of Ooga Booga, dzina lomwe linkaseka momwe mafilimu a ku Hollywood ankaonetsera Afirika ngati anthu osalankhula zomveka.

Chisa Records ndi "Grazing in the Grass"

Ali kusukulu ku New York, Masekela anadziwana ndi Stewart Levine, yemwe anadzakhala mnzake wapamtima komanso wokonza zimbale zake. Awiriwa anasamukira ku Los Angeles ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1960 anayambitsa kampani ya Chisa Records. Cholinga chinali choti azisankha okha nyimbo zojambula ndi oimba ogwira nawo ntchito. Mwa amene anajambula ku Chisa munali Letta Mbulu wa ku South Africa ndi gulu la ku America la The Crusaders.

Kampani yaing'ono imatha kujambula nyimbo, koma kuti zimbale zifike m'masitolo ndi kumawailesi pamafunika kampani yaikulu yogawa. Choncho Chisa inadalira Uni Records poyamba, kenako Motown, ndipo pambuyo pake Blue Thumb. Apa Masekela anaphunzira kuti kukhala ndi kampani yako sikutanthauza kuti wamasuka kotheratu, chifukwa wogawa zimbale ndi amene amagwira ndalama ndi njira zofikira kwa ogula.

Mu 1967 anaimba pa phwando la nyimbo la Monterey Pop Festival ndipo analizanso lipenga mu nyimbo ya gulu la The Byrds yotchedwa "So You Want to Be a Rock 'n' Roll Star". Chaka chotsatira anajambula chimbale cha The Promise of a Future. Chimbalecho chinapezeka kuti chaperewera mphindi zochepa, ndipo pofuna kudzaza mpatawo anajambula mwachangu nyimbo ya zida zokhazokha. Maganizo ake anachokera pa kachimbale kena koyamba ndi belu la ng'ombe komwe Masekela anakamva ku Zambia, ndipo wolembedwa kuti ndiye mpeki ndi Philemon Hou. Nyimbo yongodzazira mpatayi, "Grazing in the Grass", inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard Hot 100 mu Julayi 1968 kwa masabata awiri, ndipo inagulidwa makope mamiliyoni. Inachotsa pamwambapo nyimbo ya woliza lipenga mnzake, Herb Alpert. Patatha zaka 10, awiriwa anajambula limodzi zimbale ziwiri.

Kutchukaku sikunamuyendere bwino. Kampani inkayembekezera nyimbo zina zosangalatsa zofanana ndi yoyambayo, koma chimbale chotsatira, Masekela, chinali ndi nyimbo zaukali zokamba za nkhondo, tsankho ndi migodi. Sichinayende malonda. M'buku la mbiri ya moyo wake, Still Grazing, lomwe analemba ndi D. Michael Cheers ndipo linatuluka mu 2004, Masekela anavomereza kuti ndalama zambiri za nthawiyo zinathera ku mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kubwerera ku Africa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Masekela anayamba kukhala nthawi yaitali kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'mayiko monga Guinea, Liberia, Ghana ndi Nigeria. Ku Lagos anaimba ndi Fela Kuti, yemwe anamulozera gulu la ku Ghana la Hedzoleh Soundz. Mu 1973 anatulutsa nalo chimbale cha Introducing Hedzoleh Soundz, momwe ng'oma ndi zida zachikhalidwe zinapatsidwa malo ofanana ndi lipenga.

Mu Seputembala 1974 iye ndi Levine anakonza phwando la masiku atatu la Zaire 74 ku Kinshasa, lomwe linakonzedwa kuti litsagane ndi nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman. Kunaimba James Brown, B.B. King, Bill Withers ndi Celia Cruz, komanso oimba a mu Africa monga Miriam Makeba, Franco ndi Tabu Ley Rochereau. Foreman atavulala pokonzekera, nkhonyazo zinasunthidwa kufika pa 30 Okutobala, ndipo alendo ambiri amene ankayembekezeredwa kuphwandoko sanabwere. Zojambulidwa zake zinakhala zosatuluka kwa zaka zambiri. Filimu ya phwandoli, Soul Power, inatuluka mu 2008, pamene chimbale cha oimba a mu Africa chinatuluka mu 2017, patatha zaka 43.

"Stimela" ndi anthu a kumigodi

"Stimela" inatuluka koyamba mu 1974 pa chimbale cha I Am Not Afraid. Imakamba za sitima ya malasha yonyamula amuna kupita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg ndi madera ozungulira. Imafotokoza za malipiro ochepa, chakudya choipa, nyumba zogona zothinana, ndi mabanja osiyidwa kumudzi. Masekela ankatsanzira kulira kwa sitimayo ndi mawu ake komanso ndi belu. Kaimbidwe kodziwika kwambiri ndi kamene kanajambulidwa mu 1993 ku Blues Alley, mumzinda wa Washington, pa chimbale cha Hope.

Pakati pa mayiko amene nyimboyi imatchula pali Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Amuna ambiri a m'mayikowa ankapita ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. M'chaka chomwe nyimboyi inatuluka, mu Epulo 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaimitsa kaye kulemba anthu opita kumigodi. Nkhani ya anthu oyenda kukafuna ntchito inakhalabe pamtima pa Masekela, moti mu 2010 anakonza sewero lanyimbo la Songs of Migration, momwe anaimba ndi Sibongile Khumalo.

Situdiyo ya ku Botswana

Mu Disembala 1980 Masekela ndi Makeba anaimba ku Maseru m'dziko la Lesotho, ndipo anthu masauzande ambiri anaoloka malire kuchokera ku South Africa kudzawaona. Zitatero iye anakakhazikika ku Botswana, pafupi ndi malire a kwawo. Mothandizidwa ndi kampani ya Jive Records anabweretsa situdiyo yoyenda nayo pafupi ndi Gaborone. Maganizo ake anali akuti nyimbo za kummwera kwa Africa zizijambulidwa kumene zimachokera, ndi oimba akomweko, m'malo monyamula oimba kupita nawo ku London kapena ku New York.

Chimbale cha Techno-Bush cha mu 1984 chinachokera m'ntchito imeneyi, ndipo nyimbo yake ya "Don't Go Lose It Baby" inatchuka m'malo ovinira ku America ndi ku Ulaya. Chimbalechi chinaphatikiza magitala a mbaqanga ndi makina oimbira amakono, kusonyeza kuti Masekela sankadana ndi zipangizo zatsopano malinga ngati mtima wa nyimbo ukhala wakwawo. Mu 1985 anayambitsanso sukulu ya Botswana International School of Music limodzi ndi Khabi Mngoma. Koma pa 14 Juni 1985 asilikali a boma la South Africa anaukira Gaborone n'kupha anthu 12, ena mwa iwo anzake. Masekela anachoka ku Botswana n'kupita ku London, ndipo ntchito ya situdiyoyo inathera pomwepo.

Mkangano wa Graceland

Mu 1986 Paul Simon anatulutsa chimbale cha Graceland, chomwe mbali yake inajambulidwa ku Johannesburg ndi oimba akuda. Nthawi imeneyo bungwe la United Nations linkalimbikitsa oimba kuti asagwire ntchito ku South Africa pofuna kufinya boma la tsankho. Ambiri olimbana ndi apartheid anadzudzula Simon kuti waphwanya chiletsocho.

Masekela anaima kumbali ya Simon, ndipo mu 1987 iye ndi Makeba analowa nawo ulendo woimba wa Graceland, womwe unafikanso pa bwalo la Rufaro ku Harare. Mfundo yake inali yakuti chiletsocho chinapangidwa kuti chipweteke boma, osati kutsekereza oimba akuda amene boma lomwelo linkawapondereza kale. Iye ankaona kuti Ladysmith Black Mambazo, Ray Phiri ndi anzawo anapeza mwayi womveka padziko lonse umene sakanaupeza mwanjira ina. Otsutsa ankayankha kuti chiletso chikayamba kukhala ndi mipata chimatha mphamvu. Paulendowu Masekela ankaimba "Bring Him Back Home", nyimbo yofuna kuti Nelson Mandela atulutsidwe m'ndende, yomwe inaletsedwa ku South Africa. M'nyengo yomweyo anathandizana ndi Mbongeni Ngema kupeka nyimbo za sewero la Sarafina!, lomwe linafika ku Broadway mu 1988.

Maganizo ake pa kuimba

Ngakhale ambiri amamutcha tate wa jazi ya ku South Africa, Masekela sankakonda kuikidwa m'chamba chimodzi cha nyimbo. Ankanena kuti mayina a zamba amathandiza ogulitsa zimbale kuposa oimba. Pofotokoza gwero la luso lake ankatchula nyimbo za paukwati, za kutchalitchi, za ana posewera, za m'mashabini ndi za pazionetsero. Ankadziona ngati munthu amene anatenga zambiri kwa anthu wamba ndipo ali ndi ngongole yoti abweze.

Pa nkhani ya ndale, ankakana kuti anachita kusankha kukhala womenyera ufulu. Kwa iye, munthu wochokera pakati pa anthu oponderezedwa sangaimbe za moyo wawo osakhudza kuponderezedwako. Tsankho litatha sanasiye kudzudzula. Anaimba za umphawi, za Edzi, za nkhanza zochitira anthu obwera kuchokera m'mayiko ena a mu Africa, komanso za atsogoleri okakamira pampando.

Kalizidwe kake kankatsatira mawu a munthu. M'zaka zambiri za ntchito yake ankakonda flugelhorn, lipenga lokulirapo lomwe mawu ake ndi ofewa kuposa a lipenga wamba. Sankathamangira kuonetsa liwiro la zala, koma ankaliza mizere yaifupi yosavuta kuikumbukira, kenako n'kuika lipenga pambali n'kuyamba kuimba ndi mawu ake okhakhala.

Atakalamba ankalankhula kwambiri za kubwezeretsa chikhalidwe. Ankadandaula kuti mawailesi ndi makanema a mu Africa amadzaza ndi nyimbo zakunja, kuti ana a m'tauni akuiwala zilankhulo za makolo awo, ndipo kuti tsiku lina zidzukulu zidzangomva mbiri yoti kale makolo awo anali Afirika. Maganizo amenewa nthawi zina ankabweretsa mkangano. Mu 2015 anadzudzulidwa chifukwa chokana kujambulitsa zithunzi ndi amayi ovala tsitsi loikirira, ndipo ambiri anati sikunali kwa iye kuuza amayi zochita ndi tsitsi lawo.

Kubwerera kwawo ndi zaka zomaliza

Masekela anabwerera ku South Africa mu 1990, Mandela atatulutsidwa m'ndende. Mayi ake anali atamwalira iye ali kunja, ndipo sanathe kupita kumaliro awo. Mu 1991 anayenda m'dziko lonse ndi ulendo woimba wa Sekunjalo. Chakumapeto kwa 1997 anapita ku England kukalandira thandizo losiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Atachira anathandiza kuyambitsa bungwe la MAAPSA, lothandiza oimba ndi aluso ena omwe ali ndi vuto lomweli. Iye ankanena poyera kuti vutoli lawononga oimba ambiri a ku South Africa ndipo kulibisa n'kumene kumalikulitsa.

Sanasiye kufunafuna njira yoti oimba azijambula pawokha. Anatsitsimutsa dzina la kampani yake yakale polemba kuti Chissa, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa House of Masekela, yomwe inatulutsa zina mwa zimbale zake zomaliza. Mu 2015 anayambitsa Hugh Masekela Heritage Foundation yosunga ndi kuphunzitsa chikhalidwe cha mu Africa. Ankakonda kujambula ndi oimba achinyamata komanso a m'mayiko oyandikana nawo. Pa chimbale cha No Borders cha mu 2016 anaimba ndi Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe.

Mu 2010 anaimba pa zochitika zotsegulira mpikisano wa mpira wa World Cup ku South Africa, ndipo chaka chomwecho boma linamupatsa ulemu wa Order of Ikhamanga wagolide. Anasankhidwa katatu kupikisana nawo pa mphoto za Grammy. Anapezeka ndi khansa ya prostate mu 2008 ndipo anamwalira ku Johannesburg pa 23 Januwale 2018 ali ndi zaka 78. Anaikidwa m'manda a Westpark. Pasanathe mwezi umodzi, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anagwiritsa ntchito nyimbo yake ya "Thuma Mina" polankhula ku nyumba ya malamulo. Chimbale cha Rejoice, chomwe anajambula mu 2010 ndi woimba ng'oma wa ku Nigeria, Tony Allen, chinatuluka mu 2020.

Zina mwa zimbale zake

The Americanization of Ooga Booga (1966)
The Promise of a Future (1968)
Hugh Masekela & The Union of South Africa (1971)
Home Is Where the Music Is (1972)
Introducing Hedzoleh Soundz (1973)
I Am Not Afraid (1974)
Herb Alpert / Hugh Masekela (1978)
Techno-Bush (1984)
Tomorrow (1987)
Hope (1994)
No Borders (2016)
Rejoice (2020)